Ndinkayeza Batire Dzuwa Lili Pamutu

Tsiku limene alamu anga ankafika ndi galimoto yawo kuchokera ku Joni, ndinalawirira kukasesa pansi pa mtengo wa mango, malo abwino kuposa onse pamudzi pathu. Ndinatola miyala, ndinawaza madzi kuti fumbi ligone, mbuzi ndinazipirikitsa. Galimoto itangotulukira, ndinaima pakati pa njira n'kuyamba kuikodola ndi manja onse awiri ngati wapolisi wapamsewu: bwerani, bwerani, khoterani kuno kumthunzi. Alamu anatsitsa galasi, anayang'ana mtengo, anayang'ana ine, n'kuphulika kuseka.

"Alamu, galimoto iyi imadya dzuwa. Mukufuna igone ndi njala tsiku loyamba lomwe?"

Aliyense anaseka, ngakhale akazi anga amene anandigwirira chidebe powaza madzi paja. Musaganize kuti sindinkadziwa zoti sola safuna mthunzi. Inenso ndili nako kapanelo kanga padenga. Koma kuno kwathu kuchigwa mlendo sitimusiya padzuwa, ndiye manja anangochita zimene anazolowera osayamba afunsa mutu.

Inu owerenga, kameneka kanali kamanyazi kakang'ono, kongoseka n'kuiwala. Chimene ndikufuna kuulula ndi chimene chinatsatira, chifukwa chikanatha kupweteka munthu amene sanandilakwirepo kalikonse.

Ine ndine telala. Ndimasoka pakhonde la sitolo ina pa Golomoti, ndipo ndimakhala chikamwini kumudzi kwa akazi anga. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma kuwerenga sindinasiye. Ndimawerenga nyuzipepala yokulungira zitumbuwa, thumba la feteleza, kapepala ka m'bokosi la mankhwala, mbali zonse ziwiri. Chingerezi changa ndinachitola ngati nkhuku, kanjere apa kanjere apo. Pamudzi amanditcha a Mabuku, ndipo kwa zaka zambiri ndinkaliyesa dzina laulemu basi.

Alamu angawo, a Sitefano, ndi achimwene a akazi anga. Anakalambira pa chiwongolero, kuyendetsa mathiraki ku Joni. Atapuma ntchito anabwera ndi galimoto yakale imene anaisandutsa nyumba. Mkati muli bedi, kasinki ndi kafiliji. Padenga pali mapanelo awiri, ndipo pansi pa bedi pali mabatire awiri akuluakulu. Pafupi ndi chitseko anakhomapo kamita kokhala ndi galasi ngati la foni, koonetsa nambala ya mphamvu imene ili m'mabatiremo. Mthunzi wanga atawukana, malo okhawo oyera, opanda mtengo, anapezeka pabwalo la apongozi anga. Galimoto inaima pomwepo, chitseko chake chitapenya khonde lawo, mapazi atatu okha.

Apongozi ali ndi matenda a shuga. M'mawa uliwonse asanamwe phala amadzibaya okha jakisoni, ndipo mankhwala ake safuna kutentha ngakhale pang'ono. Kuyambira kale ankawasunga monga anawaphunzitsira kuchipatala: kabotolo m'kachitini kotseka, kachitini mumtsuko, mtsuko mumchenga wonyowa kuseri kwa chitseko. Mwana wawo atabwera ndi filiji anati nthawi ya mitsuko yatha. Apongozi sanatsutse. Kabokosi ka mankhwala kanasamukira m'galimoto.

Mu Okutobala alamu anapita ku Lilongwe kukachotsa ng'ala m'maso. Anati akakhala kwa mwana wawo masabata atatu, ndipo galimoto aisiya chifukwa munthu womangidwa diso sayendetsa. Woyang'anira magetsi ankafunika, ndipo palibe amene anavutika kuganiza kuti akhale ndani. Anandipatsa makiyi, kope, ndi kabuku ka Chingerezi kamene kanabwera ndi kamita kaja. Makiyi ena anasiyira amayi awo.

Malangizo awo anali achidule. Ndizionako tsiku lililonse m'mawa, dzuwa lisanagunde mapanelo, n'kulemba nambala. Ikatsika kufika pa 12.2, ndichotse chilichonse n'kusiya filiji yokha. Mapanelo ndiziwapukuta. Ndinkangogwedeza mutu, koma kunena zoona maso anga anali pakabuku. Ndinali nditayamba kale kukanunkhiza.

Tsopano inu amene munakwatira chikamwini mundimvetsa. Ndakhala pamudzi uwu zaka khumi ndi zinayi, koma apongozi sindinawayang'anepo kumaso. Moni timapatsana ndili chapatali, nditanjuta, nkhope ili kumbali. Tikakumana panjira, mmodzi amapatukira m'tchire. Si udani ayi. Ndi anthu amene ndimawalemekeza kuposa wina aliyense, ndipo ndikadwala phala loyamba limachokera kwa iwo. Koma mwambo ndi umenewo, ndipo tonse awiri tinaukulira.

M'mawa woyamba ndinatuluka ndi kope m'manja, cholembera chili kukhutu ngati kalaliki wa kwa DC. Nditangokhota pangodya ya nyumba, ndinaona apongozi atakhala pakhonde pafupi ndi chitseko cha galimoto, akukweza chitenje kuti abaye pantchafu. Ndinabwerera chafutambuyo mpaka ndinagunda nkhokwe. Mawa lake ndinachedwako pang'ono, ndinawapeza akusesa pomwepo. Tsiku lachitatu ndinakhala pansi n'kuganiza mwanzeru, monga achitira anthu owerenga. Ndinati nambala ndi nambala, siisintha chifukwa cha wotchi. Masana ndimabwera kudzadya, ndipo nthawi imeneyo apongozi amakhala atagona m'nyumba kuthawa dzuwa. Bwanji osamaona masana?

Ndipo masana kamita kankandisangalatsa bwanji! 13.6. Mawa lake 13.7. Ndinkalemba bwinobwino, n'kuwonjezera pambali mawu oti "bwino kwambiri", ena n'kuwadula mzere kunsi. Ndinafika poganiza kuti mabatire akusangalala ndi ulamuliro wanga kuposa wa eni ake.

Woyamba kubwera ndi botolo la madzi anali a Ngozo, aneba athu okonza njinga, munthu wa pakamwa posatopa. Anandipeza ndikutseka chitseko.

"A Mabuku, pakhosi pauma ngati chikopa cha ng'oma. Kabotolo kamodzi kokha sikangaphe galimoto ya ku Joni."

Kutentha kwa Okutobala kuno mukukudziwa. Mphepo imawomba ngati yochokera mu uvuni wa njerwa, ndipo ngakhale abuluzi amayenda chonyang'ama. Komanso madzi sitimana munthu. Ndinalandira botolo. Mawa lake anabwera ndi awiri, lina la akazi awo. Sabata isanathe kunali amayi a kwaya, anthu ochokera kudimba, ngakhale aphunzitsi ena odutsa panjinga. Mabotolo ankalowa ofunda n'kutuluka ozizira, ena n'kulowanso ofunda. Mafoni nawo anayamba kugona pabedi la alamu, atatu, anayi, onse akuyamwa magetsi. Ndisanamize munthu kuti ndinkakakamizika. Zinkandikomera. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akupinda mathalauza a anthu, mwadzidzidzi n'kukhala mwini kuzizira kwa mudzi wonse, mutu umakula.

Zopukuta mapanelo nazo zinali ndi vuto lake. Ukakwera makwerero a galimoto ija, maso amagwera mkati mwa mpanda wa apongozi, kubafa komwe. Ndinakwera masitepe awiri, n'kuzindikira, n'kutsika msanga ngati ndaponda moto. Sindinakwerenso. Pamenepo n'kuti anthu akutentha tchire mbali zonse, phulusa likugwa ngati mvula, akamvuluvulu akudutsa pabwalo tsiku ndi tsiku.

Chenjezo linabwera, ndipo linabwera mwaulemu wonse. Sabata yachiwiri, ndikudya, akazi anga anati, "Bambo a Maliko, amayi akuti filiji siikulira m'mawa. Akuti kale akatsegula ankaimva ikung'ung'udza ngati njuchi, koma pano imangokhala zii. Kabotolonso akuti sikakuzizira m'manja."

Ndinasamba m'manja, ndinatenga kabuku, ndinatsegula tsamba lake lenileni, pakuti ndinali nditakawerenga kawiri konse. Ndinawawerengera m'Chingerezi, kenaka n'kumasulira, kuti filiji ikazizira mokwanira imapuma yokha. Ndinati akawauze amayi kuti asadandaule, nambala ili pamwamba zedi.

Akazi anga anandiyang'ana kanthawi. "Kodi bukulo limadzuka m'mawa?" Anatola mbale n'kutuluka.

Ndinaseka, n'kunena mumtima kuti akazi angawa ndi anthabwala. Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa ndithu, koma ndinafunsa buku, n'kusiya munthu amene ankagwira kabotolo ndi dzanja lake.

Palinso china chimene chimandiwawa kuposa zonse. Alamu anaimba foni kufunsa za galimoto. Ndinawawerengera manambala anga monyadira. Kenaka anafunsa ngati ndikuona m'mawa. Ndinayankha kuti, "Eee, cha m'mawa momwemo." Inu owerenga, limeneli linali bodza. Linali laling'ono, lofewa, lonenedwa chifukwa cha manyazi, koma linali bodza. Ndikanangonena kuti alamu, m'mawa amayi amakhala pakhomo ndipo ine sindingafikepo, nkhani yonseyi ikanathera pafoni pomwepo.

Kenaka kunabwera mitambo ya chizimalupsa. Mvula yake inangowaza pang'ono, koma dzuwa linabisala masiku awiri, kunja kuli kotentha mofundira ngati wakuphimba bulangeti. Tsiku loyamba sindinabwere n'komwe kunyumba masana, ndinali ndi madiresi a ukwati ofunika Loweruka. Tsiku lachiwiri ndinafika, ndinatsegula chitseko cha galimoto, mpweya wotentha unandimenya kumaso. Ndinayang'ana kamita. Galasi linali bii, lopanda nambala iliyonse. Ndinaligogoda ndi chala ngati ndikudzutsa munthu. Ndinatsegula filiji. Mabotolo anali ofunda ngati tiyi wa dzulo, ndipo pakona panali kabokosi ka mankhwala a apongozi, nako kofunda.

Apa m'pamene kuwerenga kwanga kunanditembenukira. Kapepala ka m'bokosi la mankhwala amenewa ndinali nditakawerengapo mbali zonse ziwiri. Ndinkadziwa kuti akatenthedwa amatha mphamvu koma maonekedwe osasintha, moti munthu amabaya n'kumaganiza kuti wadziteteza pamene shuga akukwera mwakachetechete. Ndinakumbukira mawu aja, oti filiji siikulira m'mawa. Ndiye kuti yakhala ikuzima masiku angati? Apongozi akhala akubaya chiyani masiku onsewa?

Munthu wanzeru akanaitana akazi ake. Ine ndinakulunga kabokosi m'kansalu konyowa, n'kukaika m'thumba la malaya, n'kukwera njinga osauza aliyense. Chipatala chathu chili kumtunda, njira ya ku Mua, ndipo amene anapalasapo njira imeneyo masana akudziwa kuti chitunda chake sichimva pemphero. Ndinapalasa choimirira. Tcheni chinagwa kawiri. Njira yonse ndinkangoona maliro, anthu atakhala pabwalo paja pomwe pali galimoto, akunong'onezana kuti ndi mkamwini, ndi uja wa mabuku uja. Ndinalonjeza Mulungu zinthu zambiri pachitunda chimenecho, zina mpaka lero sindinakwaniritse.

Ndinafika malaya atamatirira pamsana. Ndinapeza anamwino ena achikulire amene amawadziwa apongozi, ndinafotokoza mopuma befu, n'kupereka kabokosi ndi manja awiri kuti aone ngati mankhwala afa, ndiponso ngati n'kofunika kubweretsa wodwala. Anatsegula. Anatulutsa kabotolo, anakayang'ana pawindo, anakagwedeza.

"Bambo, mwapalasa mtunda wonsewu kudzatibwezera botolo lopanda kanthu? Ili ndi la mwezi watha. Kodi eni akewo munawafunsa musananyamuke?"

Ndinati ndi apongozi. Anamwino anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Koma sanandinyoze. Anandiuza kuti mantha anga anali oyenera, kuti mankhwala otenthedwa sitiwakhulupirira, ndipo ndibwerere ndikafufuze kumene kuli kabotolo kenikeni. Ngati kanali m'filiji yofundayo, ndibwere nawo agogowo tsiku lomwelo.

Pobwerera n'kotsetsereka, koma ndinayenda pang'onopang'ono. Akazi anga ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba, ndipo wina anali atawauza kale kuti wandiona ndikuuluka kulowera ku Mua. Anandilola kuti ndifotokoze zonse mpaka kumapeto, osandidula. Kenaka anandiuza kuti tsiku lomwe ndinawayankha ndi buku lija, amayi anathira madzi mumchenga wawo, n'kubwezera mankhwala mumtsuko. Kabokosi anakasiya dala m'filiji, atayikamo kabotolo kakale, kuti ine ndikamatsegula ndisaone ngati andikayikira.

Ndinakhala pansi padothi penipeni. Mayi amene sadziwa kuwerenga ngakhale dzina lawo anali atapulumutsa moyo wawo ndi khutu ndi dzanja, n'kupezanso nthawi yosamala manyazi anga.

Ndili chikhalire, mawu anamveka kuchokera m'nyumba mwa apongozi, okweza bwino kuti afike pamene ndinali, koma olankhula kwa mwana wawo.

"Iwe, mlendo wochokera ku Mua uja wam'patsa madzi? Um'tungire a mumtsuko. A m'galimoto akuti ndi ofunda."

Madzi amenewo ndinamwa makapu awiri. Anali ozizira bwino.

Alamu anabwera ndi maso atsopano, ndipo chinthu choyamba kuwerenga ndi masowo chinali kope langa. Anatsika ndi chala mzere wonse wa "bwino kwambiri". Kenaka anadina kabatani kena pakamita, kamene ine ndinkakaopa kuti ndingawononge zinthu. Panatuluka nambala yotsikitsitsa imene mabatire anafikapo, ndipo inali pansi pa 11. Anadinanso, panaoneka poonetsa ngati magetsi akulowa kapena akutuluka, ndi kuchuluka kwake. Zonsezi zinalimo m'kabuku, patsamba limene ndinalidumpha chifukwa linali ndi mizere yokhotakhota m'malo mwa mawu.

Sanakalipe. Anandifotokozera kuti masana nambala imene umaona ndi ya dzuwa limene likukankha magetsi, osati ya batire. Batire limanena zoona m'mawa, litagwira ntchito lokha popanda wolithandiza. "Alamu," anatero, "nkhokwe saiyeza mu Meyi ngolo zikutsitsa chimanga. Amaiyeza mu Febuluwale." Mabotolo athu ankachititsa filiji kulira osapuma, fumbi linkamana mapanelo chakudya, ndipo tsiku lililonse mabatire ankagona ndi njala yoposa ya dzulo, mpaka filiji inayamba kuzima kusanache n'kudzuka dzuwa likakwera, ine ndisanafike ndi cholembera changa.

Batire limodzi linachira. Linalo linatupa m'mbali, silinasungenso moto. Alamu anali atalonjeza amayi awo kuti mvula isanayambe awatenga pagalimoto yomweyo kukaona ang'ono awo ku Ntcheu, amene sanaonane nawo zaka zambiri, mankhwala ali m'filiji. Ulendo umenewo unalephereka chaka chimenecho chifukwa cha ine. Anadzapita chilimwe chotsatira, ndipo ndimathokoza Mulungu kuti onse awiri anali akadali moyo, chifukwa pamsinkhu umenewo chaka si chinthu chobwereka.

Chodabwitsa n'chakuti makiyi sanandilande. Alamu akachoka, woyang'anira ndine ndemwe, ndipo ntchitoyi ndimaikonda. Tinatembenuza galimoto kuti chitseko chipenye kumsewu. Mapanelo ndimapukuta Lamlungu apongozi ali ku Misa yoyamba. Mabotolo timalola awiri okha, masana dzuwa likakhala lambiri. Ndipo m'mawa uliwonse, apongozi akatha kubaya n'kumvetsera filiji, amawaza gaga pabwalo n'kuuza nkhuku zawo mokweza kuti, "Nkhuku inu, kauzeni eni kope kuti ine ndatha, ndipo lero yagona bwino." Ine ndimakhala ndikudikira kuseri kwa nkhokwe. Ndikamva chitseko chawo chatsekeka, ndimapita kukalemba. Nambala yanga ndi khutu lawo sizinasemphanepo.

Inu owerenga, masiku ano sola ali paliponse, m'nyumba, m'mashopu, ngakhale m'magalimoto ogonamo ngati ya alamu angayi. Ngati mwapatsidwa kuti muyang'anire, makamaka pamene pali mankhwala a munthu, musachite zimene ndinachita. Onani batire m'mawa lisanalawe dzuwa, ndipo muzidina timabatani tonse kuti mudziwe zimene zikulowa ndi zimene zikutuluka. Nambala ikamakusangalatsani tsiku lililonse, yambani kuikayikira. Musalole kuti kukoma mtima kwanu kudye magetsi a wodwala. Munthu amene amagwiritsa ntchito chinthucho tsiku ndi tsiku akakuuzani kuti chasintha kaliridwe, tsekani buku mupite mukamve. Ndipo ngati mwambo ukukutchingani penapake, nenani poyera kuti apa sindingafike. Mwambo sunandilakwitse ine. Apongozi anausunga bwinobwino, uthenga n'kufikabe. Chinandilakwitsa ndi kubisa.

Njinga yanga sinabwererenso mwakale chichokereni ulendo uja, moti patapita masiku ndinaikankhira kwa a Ngozo. Nkhani inali itafika kale, monga mudziwa, yokometsedwa ndi mchere ndi tsabola. Anaigadabuza, anazungulitsa gudumu, anayang'ana tcheni n'kupukusa mutu. Ndinayamba kudandaula kuti zaka zonsezi ndakhala ndikuwerenga pachabe. Iwo sanadzutse n'komwe mutu.

"Musadzinyoze, a Mabuku, kuwerenga mumatha. Kungoti injiniya pamudzi pano tinali naye kale. Tsoka lanu n'lakuti ndi yekhayo amene simuloledwa kumuyang'ana kumaso."